Mwana wa Sukulu Sakankha Basi

Usiku wathawu a Dzimbiri alota, anzanga, ndipo maloto ake si omvera choimirira, kokani mpando. Andiuza okha m'mawa uno ndikudutsa pakhomo pawo, ndiye ngati muli bodza, bodzalo ndi lawo, ine ndangolinyamula.

Kwa inu obwera posachedwa, a Dzimbiri ndi madala aja oyenda chowerama kumtunda kwa mjigo uko, ndodo patsogolo iwo pambuyo. Anayendetsa basi ya ana a sukulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kutola ana m'Bangwe muno kukawatula kusukulu ina ya kumtunda. Basiyo ana ankaitchula kuti Adona, chifukwa sinkadzuka m'mawa popanda kuinyengerera. Sitata yake yolizira injini inafa kalekale, eni sukulu n'kumangoti tigula teremu ya mawa. Ndiye madzulo a Dzimbiri ankaiimika pamtsetse n'kuiika mwala kutayala. M'mawa kuchotsa mwala, phewa pachitseko, dzanja limodzi pachiwongolero, kukankha, kuthamanga nayo, kudumphiramo, giya yachiwiri, Adona n'kutsokomola kawiri, n'kulira. Ikathima panjira, ana onse ankatsika n'kuima m'mbali mwa msewu manja kumbuyo, kuonerera dalaivala wawo akukankha. Akadutsa munthu wamkulu n'kuthandiza, zikomo. Koma mwana ayi.

Lamulo limeneli linayamba teremu yawo yoyamba. Kamtsikana kena ka Sitandade 1, dzina lake Mwandida, kanathamangira kumbuyo kwa basi kuti kakankhe nawo. Kanaterereka n'kugwa chafufumimba m'matope, basi n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, tayala n'kudzaima pafupi penipeni ndi zala zake. A Dzimbiri anakanyamula, n'kulumbira pomwepo kuti mwana wa sukulu sakankha basi. Mawuwo anawasunga mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo chimene chinavutika nawo ndi msana.

Pano adokotala akuti mafupa a m'munsi mwa msana akupana mtsempha, ndipo akachedwa kuthandizidwa kuchipatala chachikulu, miyendo isiya kumva. Mwayi ulipo. Eni sukulu atsopano anati opuma ntchito amene anavulalira pantchito alandira khadi la chipatala ndi chipukuta misozi. Koma mafayilo akale anadyedwa ndi chiswe, ndiye pakufunika mboni zitatu zoona ndi maso kuti zisayine fomu, fomuyo ikafike lisanadutse Lachisanu. Lachisanu lake ndi mawali. Ahedi akale anatisiya, mlonda wakale sadziwika komwe analowera, otsala ndi ana aja okha.

Masabata atatu apitawo Mwandida yemwe uja, amene pano ndi mayi wa ana atatu wogulitsa nsalu mu Limbe, anawapeza pamzere kuchipatala n'kuwalembera nambala ya foni kuseri kwa kapepala ka mankhwala. Anati, "Ankolo, tilipo ambiri, mungoimba." Madala atafika kunyumba anapereka kapepalako kwa akazi awo, Nangozo, kuti akayatsire mbaula. Akuti kupempha ana kuti akuchitire umboni n'chimodzimodzi kuwauza kuti akankhe basi. Ine ndinawauza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Anandiyankha kuti iwo sankakankha basi kuti adzadye. Liuma la madala amenewa limandipweteka mutu, koma ndimawakonda, nditani nanga.

Ndiye akuti alota ali pamtsetse paja, kunja kutacha bwinobwino, Adona ataima pamalo pawo, atapakidwa utoto watsopano komanso atavala duku. A Dzimbiri awerama kuti achotse mwala kutayala, mwalawo n'kuwayang'ana m'maso.

"Mwadzuka bwanji, a dalaivala?" unatero mwala. "Zaka zonsezi mumangondiponya m'mbali, moni osandipatsa. Basi yonseyi imagonera ine, koma za khadi langa la chipatala palibe akukambapo."

A Dzimbiri anapepesa, pajatu ndi munthu waulemu, n'kuuika mwalawo m'thumba la malaya. Ndiye aika phewa pachitseko kuti akankhe, mwadzidzidzi angomva kumbuyo kuti solooo, ngati munthu akusolola nsungwi padenga. Kucheuka, msana wawo watuluka, waima pawokha pamsewu, ukudzisasa fumbi.

"Achimwene," unatero msanawo, "ine ndatopa nanu. Fomu yagona pansi pa wailesi masabata atatu. Ndikukadzidandaulira ndekha ku ofesi."

"Nanga ine ndiyenda bwanji?"

"Funso limenelo mukanandifunsa zaka makumi awiri zapitazo."

Msana unakwera basi n'kukakhala pampando wakutsogolo, uja wa aphunzitsi, n'kupingasa miyendo ngakhale miyendo unalibe. A Dzimbiri opanda msana anangoti lobodo pansi ngati buluku lochapa. Ndiye Adona anatambasula chitseko, kuwatola, kuwakung'untha kawiri, n'kuwayanika pachiwongolero.

"Gwirani pamenepo, bambo," anatero Adona ndi mawu a chimfine. "Lero ndadzuka ndekha. Musazolowere."

Ndiye uyo ulendo. Basi ikutsetsereka, koma nyumba zikutsalira pansi, ndiye kuti mtsetsewo unali wolowera kumwamba. Maenje onse a mumsewu anatuluka n'kukandanda m'mbali, akuwomba m'manja mwaulemu ngati akulandira mkamwini. Lina lalikulu linakweza dzanja, Adona n'kuima.

"A Dzimbiri, mwandiiwala? Ndine uja ndinakuthyolerani sipuling'i chaka cha mvula yambiri chija. Ndakula, eti? Awa ndi ana anga, aka kabadwa dzinja lathali."

"Akula bwino," anatero a Dzimbiri. Kenaka nzeru inawabwerera. "Iwe unkandiona ndikukankha. Sungandichitire umboni?"

"Aaa, pamenepo pepani. Ine ndikaonekera ku ofesi andikwirira."

Ndiye apitirira. Patsogolo anadutsa munthu wamtali, wa suti yakuda, akupalasa njinga pang'onopang'ono, m'chiuno muli makiyi lende lende, ochuluka kuposa a mlonda wa msika. Munthuyo sanayang'ane kumbali. A Dzimbiri anafunsa kuti bwanayu ndi ndani, msana n'kuwayankha uku ukuyang'ana pawindo kuti, "Ameneyo ndi Lachisanu. Akupita kukatseka."

Mwadzidzidzi basi ili m'kalasi ya Sitandade 1, yonse yathunthu, osagunda chitseko. Pabolodi panalembedwa ndi choko kuti Ofesi Yoona za Misana Yopuma Ntchito. Mzere wake, mayo ine! Misana yokhayokha. Misana ya akabaza, ya onyamula matumba a simenti, ya amayi otunga madzi, uliwonse utagwira fomu yake, ina ikukambirana za mankhwala opaka. Eni ake anali atawapachika pamisomali kukhoma ngati majekete, ndipo Adona anakawapachika a Dzimbiri pakati pa mayi wina wosoka ndi mkulu wina wosema mitondo. Mkuluyo anawanong'oneza kuti iye anapachikidwa pamenepo mwezi wa Malichi.

Msana wa a Dzimbiri sunafune zochedwa. Unawatsitsa pamsomali, kuwakoleka paphewa, n'kupita nawo patebulo loyamba. Pamenepo panali mayi wa magalasi, wooneka wachifundo ndithu. Anatambasula dzanja kuti alandire fomu, dzanjalo n'kumabwera, kubwerera, kubwera, kubwerera, ndiye poyang'anitsitsa mayiyo wasanduka bilimankhwe, magalasi ali pomwepo, diso limodzi pa a Dzimbiri lina pawotchi.

"Fomu yanu ndi yachikasu," anatero. "Yachikasu inatha dzulo, lero tili pa yobiriwira." Polankhulapo n'kuti iye akubiriwira. Msana unatola yobiriwira, iye n'kufiira. Unatola yofiira, iye n'kuchita mawangamawanga. Potsiriza anatopa yekha, n'kunyambita cholembera.

"Munavulala tsiku liti?"

"M'mawa uliwonse," unayankha msana.

"Kabokosi aka ndi ka tsiku limodzi. M'mawa uliwonse sungakwanemo."

"Taupindani."

Bilimankhwe anayesa ndithu, mumupatse ulemu wake. Anautenga m'mawa uliwonse uja, kuupinda pawiri, kuupinda panayi, kuupondereza ndi chala, koma nthawi zonse kunkatsalira kachidutswa kunja, kena ka chifunga cha Juni, kena ka matope a Januwale. Ndiye anati apite kwa osunga mafayilo.

Osunga mafayilo anali bambo wonenepa, wa tayi yamaluwa, ndipo anawalandira ndi manja awiri. Atamva dzina loti Dzimbiri anamwetulira, masaya n'kumatambasuka, mano n'kutulukira m'mbali ngati pulayazi, mutu n'kufiira, ndiye pampando pakhala chiswe chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, tayi ili m'khosi.

"A Dzimbiri enieni! Fayilo lanu ndinaliwerenga lonse, tsamba ndi tsamba. Linali lokoma kwabasi. Makamaka chaka chija munalandira satifiketi yosunga nthawi, eee, pamenepo ndinachita kuitana alamu anga."

"Ndiye mukudziwa zonse," anatero a Dzimbiri, mtima utakhala pansi. "Tandichitirani umboni."

Chiswe chinasisita mimba n'kugeya mwaulemu. "Ntchito yathu ndi yosunga chinsinsi, bambo. Chalowa muno sichituluka."

Ndiye pansi panatseguka, iwo n'kugwera m'mwamba, n'kupezeka ali kwa bwana wamkulu. Bwanayo atangoimirira kuti awapatse moni, jekete linafufuma, kumbuyo kunatambasuka nthenga, pamphuno n'kulendewera kanyama kofiira. Nkhukundembo! Patebulo pake panali chidindo chitakhala chogwira tsaya.

"Ine ndili ndi ludzu la inki," chinadandaula chidindo. "Kuyambira Lolemba sindinadinde kanthu. Bambo inu, mwabwera ndi mboni? Chonde nenani kuti mwabwera nazo."

A Dzimbiri anapisa m'thumba n'kutulutsa mwala uja. Mwala unakonza kukhosi kuti uyambe kufotokoza, koma bwana anauletsa, akuti mwala ulibe chala chosayinira. Ndiye Adona analowetsa mphuno pawindo n'kunena kuti iwo analipo tsiku lililonse, adinda ndi tayala ngati n'kofunika.

"Mayi, inu khalani chete," anatero nkhukundembo. "Pankhani imeneyi inu ndinu woganiziridwa."

Adona anakhumudwa, mafuta n'kuyamba kudontha pansi pa duku. Bwana anazungulira tebulo, mapiko akukhweza pansi, n'kunena kuti mboni yovomerezeka ndi yokhala ndi maso awiri, yoti inakwera basiyo, inatsika, ndipo inaona.

"Amenewo ndi ana," anatero a Dzimbiri.

"Aitaneni."

"Mwana wa sukulu sakankha basi."

Chidindo chinagwa chagada. Msana unawatsitsa paphewa, kuwakhazika pampando waung'ono wa Sitandade 1, n'kugwada patsogolo pawo. Akuti sanaonepo msana ukulira, koma uwu unalira, misozi ikutsika fupa ndi fupa.

"Achimwene, ine sindinakukanireni tsiku ndi limodzi lomwe. Mvula, dzuwa, malungo, ndinkangoti tiyeni. Lero ndikupempha kamodzi kokha, ndiye mukuti lamulo?"

A Dzimbiri zinawakhudza, anamva chisoni chenicheni. Koma ana aja sanawaitane. Madala amenewa!

Mwadzidzidzi ofesi yonse inamera matayala. Bilimankhwe anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti asamuka, ofuna thandizo akawapeze pamwamba pa phiri, ndiye ofesi iyo, fumbi kobo, misana ina ikuithamangira pambuyo. Adona anawatola a Dzimbiri, msana unadumphiramo, liwiro la mtondo wadooka. Anadutsa maenje aja akudya nkhomaliro, anadutsa msika wogulitsa mabelu a sukulu okhaokha, ofesi ikuoneka pamwamba paja ngati kabokosi ka machesi. Ndiye atangofika patsinde pa chitunda, Adona anatsokomola kamodzi, n'kuthima.

"Ndinakuuzani kuti musazolowere," ananong'ona.

Kumbuyo kunamveka belu la njinga, ngiri ngiri. Lachisanu uja anawadutsa, makiyi akulira m'chiuno, n'kuyamba kukwera chitunda osatsika panjinga.

"Bwana, tadikirani pang'ono!" anakuwa a Dzimbiri.

"Pepani, madala. Ine sindiima, Loweruka ali pambuyo pangapa."

A Dzimbiri anadzitsetsereza pachiwongolero, kukwawa mpaka pachitseko, kuika phewa pamalo pake penipeni, paja utoto unachoka ndi phewa lawo lomwelo. Anati akankhe, anangopindika n'kugwa. Anayesanso, kugwanso. Ndiye anati aponde pansi mwamphamvu, n'kupeza kuti miyendo sikumva. Anaitsina, anaimenya ndi chibakera, inali ngati ya munthu wina. Apa maloto anasiya kuseketsa. Akuti anachita mantha amene sanachitepo chibadwire, poganiza kuti Nangozo, ndi msinkhu wake uja, azidzawanyamula popita kuseri.

"Msana wanga, bwerera," anapempha.

"Kubwerera ndibwerera," unayankha uli pawindo. "Koma kukankha ndekha ndinasiya."

Ndiye anamva wina akukonza kukhosi m'mbali mwa msewu. Kutembenuza mutu, anthu ali ndandanda, mzere wautali mpaka kokhota. Anthu akuluakulu, koma onse mu yunifolomu za pulayimale. Abambo a ndevu zawo mu timakabudula tothina, mabatani akulira pamimba. Amayi obereka ana kumbuyo, tizikwama ta mabuku tikulendewera m'khosi. Wina wa dazi, wina wa imvi kale, wina kolala ya ubusa ikusuzumira pansi pa shati ya sukulu. Onse chilili, manja kumbuyo, maso pa a Dzimbiri. Kutsogolo kwa mzere kunali Mwandida, diresi lake likadali ndi matope a tsiku lija.

"Ankolo," anatero Mwandida, "manja atopa kumbuyo kuno."

"Mukutani pano, ana inu? Belu lalira kale."

"Munatiuza kuti tiime apa, manja kumbuyo. Ndiye tinaima. Ena takwatiwa tili pompano, ena tayamba ntchito tili pompano. Tikungodikira kuti munene."

"Mugwa m'matope."

Mzere wonse unaseka, wa kolala uja mpaka kupukuta misozi ndi phewa, poti manja anali kumbuyo.

"Tinagwa kale m'matope ambiri, ankolo, ena inu simunawaone, ndipo tinadzuka," anatero Mwandida. Kenaka anaphwanya lamulo. Anatulutsa manja kumbuyo, n'kuwatambasula pamaso pawo. "Taonani zala zanga. Zonse khumi zilipo, munazisunga ndinu. Ndiye mukufuna ndizizigwiritsa ntchito yanji?"

A Dzimbiri anayang'ana zalazo, n'kuyang'ana kuphiri. Lachisanu anali atafika pakati pa chitunda, dzanja limodzi likusankha kale kiyi. Matayala a Adona anayamba kuyenda chobwerera, pang'onopang'ono, kulunjika komwe kunali miyendo yawo. Mwala uja unawagunda m'nthiti uli m'thumba.

"Nenani, a dalaivala. Ine ndekha pano sindingaigwire."

Ndiye a Dzimbiri anatseka maso, manyazi ali tho, n'kunena motsitsa, "Ana inu, takankhaniko."

Iii, anzanga! Akuti chimkokomo chake ngati sukulu yaweruka. Manja onse anatuluka kumbuyo nthawi imodzi. Mabatani anathothoka, tizikwama tinauluka, abusa anavula nsapato. Anthu awiri anawanyamula a Dzimbiri n'kuwakhazika pampando wa dalaivala, msana n'kulowa pamalo pake kuti tswii, osapweteka ngakhale pang'ono. Kumbuyo Mwandida akulamula ngati kapitawo, "Tiyeni nayo! Tiyeni nayo!" Basi inayamba kukwera chitunda, iwo ali khale pampando, manja onse awiri pachiwongolero, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka zonse zija. Anayang'ana pagalasi n'kuona nkhope zonse zija, zotuluka thukuta, zikuseka, ndipo iwo analira osabisa. Anamupitirira Lachisanu, chidindo chikuvina pakhonde la ofesi. A Dzimbiri anaponya giya yachiwiri, kuchotsa phazi pakilachi, Adona n'kutsokomola kamodzi, kutsokomola kawiri, kutsokomola kachitatu, khoo, khoo, khoo, osalira ayi, kumangotsokomola.

Kutsegula maso, denga lawo lomwe lija, ndodo ili pakhoma, msana uli m'malo mwake ndipo ukupweteka monga mwa masiku onse. Wotsokomolayo anali Nangozo pakhonde, utsi utamulowa akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto.

Mbaula! A Dzimbiri anadzuka mmene sanadzukirepo chaka chino.

"Nangozo! Kapepala kaja!"

"Kati, bambo?"

"Kaja ndinati muyatsire mbaula. Kaja ka mankhwala."

Nangozo anapitiriza kukupiza, osacheuka n'komwe. "Mbaula yanga ndimayatsira mapepala opanda ntchito. Tanyamulani wailesiyo."

Ananyamula. Pansi pake panali fomu ija, ndipo pamwamba pa fomu kapepala ka mankhwala, kowongoledwa bwinobwino. Anakhala pamphepete pa bedi nthawi yaitali, foni m'manja, Nangozo akukupiza moto woti unayaka kale. Kenaka anadina manambala aja, limodzi limodzi. Inaitana kawiri.

"Halo, ndani?"

"Mwandida, mwana wanga, ndine ankolo a basi. Adona athima."

Phokoso la mu Limbe linamveka mu foni. Kenaka mawu a Mwandida anabwera, akuseka.

"Musasunthe, ankolo. Ikani mwala kutayala, tikubwera."